Ndinalemba "a big chaos" aphunzitsi nkukhwatcha, ndalakwa pati?

Funso: Ndikukonzekera mayeso a Chingerezi otchedwa IELTS. Pa chimangirizo china ndinalemba kuti "The heavy rains made a big chaos in the city", aphunzitsi anga nkukhwatcha made, a ndi big, pambali angolemba kuti collocation basi. Dikishonale yanga ikuti chaos ndi chisokonezo, nde chisokonezo chachikulu si big chaos? Nanga mawu amene amayenda ndi chaos ndi ati?

Yankho: Achemwali, aphunzitsi anuwo akhwatcha molondola malo atatu onsewo, koma tisanafike kumeneko taonani kaye pamene sanakhwatche, poti yankho lanu lagona pomwepo. Mwalemba kuti "heavy rains". Bwanji simunalembe "strong rains"? Mesa ife timati mvula yamphamvu, ndipo mphamvu ndi strong? Mvula yolemera munayamba mwaimvapo m'Chichewa? Koma dzanja lanu linangolemba heavy osafunsa dikishonale, chifukwa mwakhala mukumva heavy rains pa wailesi dzinja lililonse a zanyengo akamachenjeza, mpaka mawu awiriwo anamatana m'mutu mwanu. Chimenechotu ndiye collocation, mawu amene anazolowerana kuyendera limodzi, osati chifukwa cha lamulo la galamala koma chifukwa eni chilankhulo anazolowera kunena choncho basi.

Kwathu kuno nazonso zilipo zambirimbiri, kungoti sitizimva kulemera poti tinayamwira. Mbale timatsuka, zovala timachapa, m'manja timasamba, kumaso timasukusula, pomwe mzungu zonsezi amangoti wash. Nde abwere mlendo wophunzira Chichewa anene kuti ndachapa mbale, kapena ndikukatsuka malaya, tonse timva chimene akutanthauza, galamala yake ili bwinobwino, koma khutu likana. Timati kuyera mbee, kuda bii, kufiira psuu, palibe amati kuda mbee, ndipo mutafunsa agogo chifukwa chake angokuuzani kuti satero. Big chaos kwa mwini Chingerezi imamveka ngati kuchapa mbale. Katswiri wina wa zilankhulo wa ku Britain, J. R. Firth, analemba mu 1957 kuti mawu umawadziwa poona anzake amene amayenda nawo, ndipo ine zaka zonse zimene ndaphunzitsa Chingerezi ndaona kuti ophunzira ambiri amagwa pamenepa, osati pa ma tense amene timawaopa aja. Pa IELTS musazitenge mwachibwana izi, chifukwa chimodzi mwa zinthu zinayi zimene ochonga amayang'ana pa Writing, gawo la kulemba, chimatchedwa Lexical Resource, kutanthauza mmene mumasankhira ndi kugwiritsira ntchito mawu, ndipo malongosoledwe a band 7, umodzi mwa milingo ya malikisi ake, amatchula collocation ndi dzina lake.

Tiyambe ndi ka a kaja poti nkachidule. Chaos ndi dzina losawerengeka, gulu limodzi ndi water, advice, information, furniture. Palibe "a chaos", palibenso "chaoses". Chimatinamiza ndi Chichewa chathu chomwechi, poti ife timati chisokonezo zisokonezo, chipolowe zipolowe, nde mutu umangoganiza kuti nakonso amawerenga. Mneni wakenso amakhala wa chinthu chimodzi, "there was chaos", osati were. Mukafuna kuwerenga ndiye mumabwereka dzina lina, "scenes of chaos", "a state of chaos", "three days of chaos".

Tsopano big. Ife chisokonezo timachiyeza kukula, chachikulu, chaching'ono. Chingerezi sichifunsa kuti chaos yakula bwanji, chimafunsa kuti kodi dongosolo latheratu kapena latsalako. Nchifukwa chake afotokozi amene amayenda ndi chaos pafupifupi onse amatanthauza chinthu chimodzi, kutheratu psiti: "total chaos", "complete chaos", "utter chaos", "absolute chaos", "sheer chaos". Total ndi complete ndi otetezeka, mutha kulemba paliponse, mu lipoti la ku ntchito, pa mayeso, kaya pocheza. Absolute imamveka kwambiri pakamwa, munthu wa ku London watuluka mu siteshoni ya sitima thukuta kamukamu akuti "it was absolute chaos in there". Utter ndi amene ine ndimamukonda pa zolemba, ndipo ali ndi khalidwe lake loti amakonda kuyenda ndi zoipa, utter nonsense, utter failure, utter rubbish, nde akakumana ndi chaos amakhala wafika kwawo. Sheer amatsindika kuti panalibe china chilichonse koma chimenecho basi, ngati mu sheer luck. Ngati mukufuna kunena kuti chisokonezocho chinafika madera ambiri pali "widespread chaos". Heavy, strong, huge, serious ndi big asiyeni, ndipo very sayenda ndi dzina, mukafuna very ndiye musinthe mupite ku mfotokozi wake, "very chaotic", kapenanso bwino "utterly chaotic".

Made uja ndikudziwa kumene wachokera, ndi kupanga. Masiku ano m'tauni chilichonse timapanga, kupanga phokoso, kupanga chisokonezo, kupanga manyazi, nde make amangobwera yekha. Mneni woyamba wa chaos ndi cause. "The rains caused chaos." Create nayenso amaloledwa, bring, "lead to chaos", "result in chaos", ndipo a nyuzipepala amakonda spark poti ndi wamfupi, amakwana pa mutu wa nkhani, komanso amapereka chithunzi cha kamoto kakang'ono koyatsa tchire. Do ndiye ayi ndithu, musayerekeze.

Koma apa mpamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa mukangoloweza mndandanda mawa muiwala, pomwe mukagwira chithunzi chimene chili kuseri kwa mawuwa ambiri a iwo azibwera okha. Chaos anachokera ku Chigiriki, khaos, ndipo kwa Agiriki akale silinali phokoso kapena anthu kuthamangathamanga ayi, linali phompho, chidzenje choyasamula chopanda kanthu mkati, chimene ankati chinalipo zinthu zonse zisanakhaleko. Mawu oti chasm, amene ndi phompho lenilenilo, ndi pachibale pake. Ngakhale gasi amene tikuphikira lero dzina lake linachokera pomwepa, Jan Baptist van Helmont, katswiri wa sayansi wobadwira ku Brussels, analipeka m'zaka za m'ma 1600 potengera khaos yemweyu. Nde Chingerezi mwachizolowezi chimaona zinthu zoipa ngati zili pansi, ndipo chaos amamutenga ngati dzenje limene anthu, msonkhano, mzinda kaya dziko limagweramo. Taonani aneni ake. "The meeting descended into chaos", msonkhano unayamba bwinobwino ndi pemphero, wina wadzutsa nkhani ya ndalama, wina wayankha mokweza, apampando akumenya tebulo palibe akumva, mwatsika sitepe ndi sitepe mpaka pansi. "The country is sliding into chaos", uku ndi kutsetsereka, kumatenga miyezi, ngati galimoto pa msewu wa matope mabuleki akugwira koma ikupitabe. "The blackout plunged the airport into chaos", uku ndi kugwera kamodzi nkamodzi ngati munthu wadumphira m'dziwe. "The strike threw the city into chaos", wina wakunyamulani nkukuponyerani momwemo. Ndipo ngati simunagwe koma mwaima m'mphepete mwake, "on the brink of chaos" kapena "on the verge of chaos". Mwaona kuti aneni anayi aja, descend, slide, plunge ndi throw, onse akutenga into? Osati in, osati to. Amene ali kale m'dzenjemo ndi amene amatenga in, "the office was in chaos". Descend, slide, plunge ndi throw mukawadziwa apa mwawadziwiranso kwina, poti amayendanso ndi crisis, violence, darkness ndi anarchy mwa njira yomweyi.

Chithunzi chachiwiri ndi chimene ife tili nacho kale, nde sichivuta. Timati moto wabuka, nkhondo yabuka, kolera wabuka, chipolowe chabuka. Chingerezi chimati break out pa zonsezi, fire broke out, war broke out, cholera broke out, "chaos broke out". Erupt ndi chimodzimodzi koma mwamphamvu, ngati phiri laphulika. Kenako pali awiri amene ndi a m'mabuku pang'ono. "Chaos ensued" amatanthauza kuti chisokonezo chinatsatira chinthu china chimene mwatchula kale, nde simungayambe naye nkhani, mumayamba mwanena kuti geti linatsegulidwa anthu onse nkuthamangira nthawi imodzi, kenako "chaos ensued". "Chaos reigned" ndi pamene chisokonezo chakhazikika, chatenga ufumu kwa maola kaya masiku, palibe wolamula wina koma icho.

Ka the nako kamasokoneza ambiri. "In chaos" opanda the mukunena mmene malo alili. "In the chaos" mukunena chisokonezo chinachake chimene owerenga akuchidziwa kale, ndipo mukufotokoza zimene zinachitika mkati mwake, "in the chaos, she lost her phone", foni inasowa mkati mwa piringupiringu uja. "Amid the chaos" ndi yomweyo koma ya atolankhani. Mukatchula mwini chisokonezocho the amabweranso, "the chaos of the market", "the chaos of war".

Pali njira inanso imene nyuzipepala za ku Britain zimakonda kwambiri, kungoika dzina kutsogolo, "traffic chaos", "travel chaos", "airport chaos", "rail chaos". Mu Epulo 2010 phiri la Eyjafjallajökull ku Iceland litaphulika, phulusa lake linatseketsa mlengalenga mbali yaikulu ya Ulaya kwa masiku pafupifupi asanu ndi limodzi, maulendo a ndege okwana ngati 100,000 analephereka, anthu akugona pansi m'mabwalo a ndege, imeneyo ndiye travel chaos yeniyeni. Pa zolemba za mayeso mudzafuna kwambiri "political chaos", "economic chaos", "financial chaos" ndi "administrative chaos". Ndipo pali imodzi yokoma, "organised chaos". Pitani kuseri kumene amayi akuphika pa ukwati kaya pa maliro, utsi, miphika ikuluikulu, uyu akukuwa kufuna nkhuni, uyo akudula kabichi, ana akudutsa ndi zidebe, mlendo angati pano palibe mutu, koma nthawi ikakwana aliyense walandira mbale yake. Zooneka ngati chipwirikiti koma aliyense akudziwa ntchito yake, imeneyo ndi organised chaos, ena amati controlled chaos. Chaos theory ndi nkhani ina, ya masamu ndi sayansi, imene anthu ambiri amaidziwira kwa Edward Lorenz wa ku yunivesite ya MIT ku America amene mu 1963 anaonetsa kuti kusiyana kochepetsetsa poyambira kumatha kusinthiratu zotsatira za nyengo. Imeneyo ingoidziwani kuti ilipo.

Tsopano dikishonale yanu ija. Siyinaname koma yakupatsani theka. Chisokonezo ndi mawu otambalala kwambiri, timawagwiritsa pa m'mutu, pa msewu, pa banja, pa ndale. Chaos ali pafupi ndi chipwirikiti, pamene dongosolo lasweka zinthu zangoti balala. Chingerezi chili ndi abale ake a chaos angapo ndipo aliyense ali ndi anzake oyenda nawo, simungabwereke a uyu nkupatsa uyo.

Chimene chingakusangalatseni nchakuti chiganizo chanu chija, made a big chakuti, ndi Chingerezi chabwinobwino mukangochotsa chaos nkuikapo mess. "The children made a big mess." Mess amawerengeka, amatenga a, amatenga big, amatenga make, zonse zitatu zimene chaos wakana. Kungoti mess ndi uve ndi kumwazikana kwa zinthu, matope pabalaza, ziwiya mbwee, kapena zinthu zimene munthu wazisokoneza yekha, "my life is a mess", "clean up the mess", "get into a mess", ndipo ndi mawu a pocheza, pa chimangirizo cha mayeso sakhala bwino kwenikweni.

Havoc ndi amene ndikufuna mumusamale chifukwa pa nkhani ya mvula mudzamufuna. Chaos amanena za kusweka kwa dongosolo, havoc amanena za kuwonongeka kwa zinthu. Mneni wake ndi wreak, amene masiku ano simumupeza kawirikawiri kwina kulikonse kupatula pambali pa havoc. "Cyclone Freddy wreaked havoc in Blantyre, Mulanje and Phalombe in March 2023", milatho kukokoloka, nyumba kugwa, miyoyo kutayika, apo chaos yekha sakwanira. Ambiri amalemba "wreck havoc" poti wreck ndi kuphwanya nde zimaoneka ngati zomveka, koma ndi kulakwitsa, ndi wreak, katchulidwe kake riiki. Palinso "play havoc with", imene ndi yopepukirapo, kuthimathima kwa magetsi "plays havoc with small businesses". Cause havoc nayo ilibe vuto.

Confusion amakhala m'mutu mwa anthu. Chikalata china chati mayeso ayamba Lolemba, china chati Lachitatu, palibe wathamanga, palibe wakuwa, koma aliyense sakudziwa chochita, "there was confusion over the exam dates". Ameneyu amalola great, "great confusion", ndipo aneni ake ndi cause, avoid, "add to the confusion", "clear up the confusion". Awiriwa akayendera limodzi kawirikawiri chaos ndi amene amatsogola, "chaos and confusion". Turmoil ali pafupi ndi mpungwepungwe wathu, kusakhazikika kotenga nthawi, "political turmoil", "the party is in turmoil", ndipo ameneyu amalowanso mumtima, "emotional turmoil", "inner turmoil". Disarray nthawi zambiri mumupeza ndi in kapena into, "the defence was in disarray", timu imene ma difenda ake aliyense akuthamangira kwake. Shambles ndi wodabwitsa poti ali ndi s kumapeto koma amatenga a, "the event was a complete shambles", ndipo amaloza chala okonza kuti sanakonzekere. Kale mawuwa ankatanthauza malo ophera ndi kugulitsira nyama, mpaka lero mu mzinda wa York ku England muli kamsewu kakale kotchedwa The Shambles kumene kunali mabutchala. Pandemonium ndi chipwirikiti cha phokoso, chigoli chalowa pa mphindi yomaliza sitediyamu yonse yaimirira, "pandemonium broke out". Mawu amenewa anawapeka mlakatuli John Milton mu 1667 mu ndakatulo yake ya Paradise Lost ngati dzina la likulu la ziwanda. Ndipo ngati pali kumenyana, kuswa mashopu, kuotcha matayala, chimene ife timati zipolowe, musathamangire chaos yekha, pali riot, unrest, violence ndi "public disorder".

Poti mukalowanso Speaking, gawo la kuyankhula la IELTS, tione katchulidwe ka chaos. Si chawosi ayi. Ife ch timamuwerenga ngati mu chakudya nde ambiri timagwa apa. Ndi keyosi, kutsindika pa ke. Ch wochokera ku Chigiriki amamveka k, chemistry, character, chorus, Christmas, ndipo umboni tili nawo m'Chichewa momwemu, choir tinaitenga nkukhala kwaya, Christmas nkukhala Khirisimasi, school nkukhala sukulu. Chaotic ndi keyotiki, apa kutsindika kwasamukira pakati, pa yo.

Mukakaika mawu ena mtsogolomu, dikishonale ya Chingerezi ndi Chichewa siingakuthandizeni pa vuto ili poti imapereka tanthauzo, siipereka anzake a mawuwo. Pali Oxford Collocations Dictionary imene inatuluka koyamba mu 2002, ntchito yake ndi yomweyi basi, mukatsegula pa dzina imakupatsani afotokozi, aneni ndi aperekezi oyenda nalo. Madikishonale a ophunzira a Oxford ndi Longman a pa intaneti nawonso amaonetsa zimenezi ulere. Amene ali ndi bandulo yokwanira angayesenso COCA, nkhokwe ya Chingerezi cha ku America ya mawu pafupifupi 1 biliyoni imene anaisonkhanitsa Mark Davies, mumalemba mawu nkuona kuti anthu amawaphatikiza ndi ati kangati. Google yokha musaikhulupirire, mukalemba big chaos ikupatsani masamba ambiri ndithu, chifukwa pa intaneti tikulembapo tonse, ife, Amwenye, Majeremani, aliyense akunyamula chizolowezi cha chilankhulo chake. Ndipo m'kope mwanu lekani kulemba mawu amodzi ndi tanthauzo lake pambali ngati mmene tinkachitira ku sekondale. Muzilemba kachidutswa konse, "descend into chaos", "wreak havoc on", "confusion over", limodzi ndi chiganizo chimene mwachipezamo, nkuchiwerenga mokweza kangapo kuti khutu lizolowere ngati mmene linazolowerera heavy rains.

Chenjezo limodzi lokha. Chaos ndi mawu olemera, ndipo ophunzira akangowadziwa amafuna kuwaika paliponse kuti ochonga aone. Mzere wa magalimoto wa tsiku ndi tsiku pa Lilongwe kaya pa Limbe madzulo anthu akuweruka si chaos, ndi "traffic congestion" kapena "heavy traffic". Chaos ndi tsiku limene msewu wadzadza madzi, maloboti afa, minibasi zakwera mbali ya oyenda pansi, wapolisi wangoima manja m'chiuno. Ngati mvula yanu ija inafikitsa zinthu pamenepo, lembani "The heavy rains caused utter chaos in the city", kapena iyi imene ine ndikanasankha, "The heavy rains threw the city into chaos". Ngati inagwetsa nyumba nkukokolola milatho, "The heavy rains wreaked havoc on the city". Ngati inangochedwetsa anthu ku ntchito ndi kuimitsa mabasi kwa maola ochepa, chaos musiyeni, lembani "The heavy rains caused serious disruption in the city", ndipo taonani kuti serious amene chaos anamukana uja, disruption wamulandira bwinobwino.